Mphemvu za mu Kompyuta ya Donald

Mwana wanga Donald ali ndi zaka 26 ndi dipuloma ya zamagetsi, koma chimene anasankha kuikapo mtima ndi kompyuta yakale kuposa iye mwini. Anakaitola ku Njakwa, m'katoni ya malemu amalume ake amene ankaphunzitsa pasukulu ya mishoni. Chinthu chabulauni ngati thireyi ya mabatani, chopanda ndi galasi lomwe. Amachilumikiza ku TV yakale ija ya chimsana, ndipo zimene walemba zimasungidwa pa makaseti, omwe aja tinkamverera nyimbo za kwaya.

Zaka ziwiri wakhala akupanga gemu yake. Akuti ndi minibasi ikukwera phiri la Chiweta, ikuzemba malole. Atandionetsa ndinangoona kabokosi koyera kakuthawa mabokosi anzake, kakulira ngati mwanapiye wotsamwidwa. Iye amvekere kukoma kwake n'komweko. Ali ndi anzake a pafoni, ena ku Mzuzu ena kunja, azibambo a ndevu zawo, ndipo lamulo lawo ndi lakuti gemu izilembedwa pa makina akalewo basi, kugwiritsa ntchito laputopu ndi kubera. Ndiye gemu yonse inali pa makaseti awiri, imodzi yeniyeni ina yongosungira, kwina kulikonse kunalibe. Loweruka la sabata imene ndikunenayi mnzake Jimmy amayenera kubwera kuchokera ku Mzuzu kudzaijambula kuti anzawo aione.

Ine za gemu ndinalibe nazo mawu. Changa chinali mphemvu.

Nyumba yathu kuno ku Mlowe ndi yaing'ono, ndipo chipinda cha Donald chinagundana ndi chimene ndimasungamo usipa wouma wogulitsa. Chibwerere makinawo tinayamba kuona timphemvu tofiirira tija tothamanga. Akayatsa, chinthucho chikafunda, timatuluka pakati pa mabatani, tina n'kumukwera pa dzanja, iye n'kungotisansa maso ali pa TV. Munthu wophunzira. Ndinamuuza kuti apopere mankhwala, akuti mankhwala amadya mawaya. Ndinati atsegule apukute, akuti ndidikire gemu ithe, angasokoneze kanthu m'kati. Ndinadikira miyezi itatu.

Lachinayi m'mawa ndinamasula thumba la usipa umene Mabel, kasitomala wanga wa ku Rumphi boma, amadzatenga, ndipo timphemvu tinabalalika kukwera m'mikono mwanga. Donald anali atapita ku Chiweta kukakonza sola ya munthu wina. Ndinalowa kuchipinda kwake. Nditanyamula kompyuta ija, pansi pake panali timanyi takuda ngati tsabola wosinja, ndi fungo lina lonona, la mafuta ovunda. Mu katoni ya makaseti munali mazira omatirira m'makona monse, ena m'kati mwa makaseti mwenimwenimo. Ndinatuluka kukalavula, kenako ndinabwerera.

Ndinachita chimene mkazi aliyense wa kuno amachita. Matiresi a nsikidzi timayanika padzuwa. Chimanga cha anankafumbwe timayanika padzuwa. Pa thandala sindikanaika zonyansa zija, pamenepo ndi pa chakudya cha anthu, ndiye ndinayala lata lakale pa mchenga kuseri kwa nyumba. Ndinaikapo kompyuta chafufumimba, makaseti onse ndinawandandalika bwinobwino kuti iliyonse ione dzuwa. Munali mu Okutobala. Pasanathe ola mphemvu zinayamba kutuluka, zazikulu ndi ana awo, nkhuku zili pomwepo kutola. Ndinaima n'kumaonerera, ndipo ndisaname, mtima unakhala pansi. Kenako ndinapita kukapeta usipa wa Mabel, nsomba imodziimodzi, mpaka ndinaiwala za lata.

Donald anafika cha m'ma 3 koloko. Ndinamumva akulowa kuchipinda, kutuluka, kuzungulira nyumba. Atachedwa ndinamutsatira. Ndinamupeza atanjuta pa mchenga, kaseti ili m'manja, yopindika ngati mbale ya pulasitiki imene yaiwalidwa pafupi ndi moto.

"Amama, zakhala pano nthawi yaitali bwanji?"

"Chiyambire m'mawa. Taona, mphemvu zatha zonse."

"Zonse ziwiri za gemu zija munaika?"

"Iwe, ine ndikanadziwa bwanji ziwiri zako? Zonse zinali ndi mazira."

Anangothokoza kuti yewo, motsitsa mawu, ngati ndamupatsira madzi akumwa. Bola akanandikalipira, ndinali ndi zomuyankha zambiri.

Lachisanu lonse anakhala pakhonde ndi kasukuludiraiva ndi singano yanga, kuchotsa tepi mu kaseti yopindikayo n'kuikulunga mu ina yabwino imene anakapempha kwa akwaya. Tepiyo inali itachita makwinya, pena itamatana. Kompyuta yokha inayaka bwinobwino, popanda ndi kamphemvu kamodzi. Anaika kaseti yoyamba, inalira kulira kwake kuja kokwiyitsa, n'kudukira pakati. Anabweza, anayesanso, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Yachiwiri sinafike ndi pakati pomwe. Ndinamufunsa ngati sangailembenso poti mutu ndi womwewo, ndipo anayankha kuti zina akukumbukira, zambiri ayi. Nsima ya masana anaisiya osaigwira. Ndinamuuza kuti akanandimvera kalekale n'kupukuta chinthu chake sitikanafika apa, zomwe ndi zoona, koma zinatuluka moipa.

Jimmy anabwera Loweruka ndi kamera yake. Anandipatsa moni mwaulemu, anayang'ana makaseti aja nthawi yaitali. Anakhala pansi pa mtengo wa mango awiriwo akulankhula motsitsa. Masana Donald anakulunga kompyuta mu chitenje changa chabwino, osapempha, n'kunena kuti akayambiranso ku Mzuzu, kwa Jimmy kuli tebulo ndi chipinda chokiya. Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati gemu ikatha.

Ndinamuikira usipa mu jumbo, anaulandira. Atakwera minibasi ndinatenga ndowa, sopo ndi bulashi kukakolopa chipinda chake, ndipo kuseri kwa bedi ndinapezanso mazira ena.