Tsiku Limene a Filipo Anayang'ana Dzuwa

Lachinayi m'mawa a Filipo analephera kulowetsa ulusi pa singano. Anayesa kasanu, akunyowetsa nsonga yake ndi malovu, koma kabowo sikamaoneka. Anali atasoka zovala za anthu a pa Ngala kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo zotere zinali zisanawachitikirepo.

Akazi awo, Mayi Rebeka, anali atanyamula kale chikwama kuti azipita kusukulu.

"Mayi a Tina, tandilowetsereni ulusiwu," anatero a Filipo motsitsa mawu. "Paliponse pomwe ndayang'ana pakumakhala chibanga, ngati wina wapakapo phulusa."

"Zayamba liti zimenezi?"

"Dzulo masana."

Mayi Rebeka ankaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera. Kuseri kwa nyumba anakhoma mtanda wa matabwa awiri, nauzunguliza waya wa kopa kambirimbiri, n'kuulumikiza ku kabokosi ndi ku laputopu yakale. Wayayo ankatola mafunde a wailesi ochokera kumaiko akutali, ndipo laputopu inkajambula mzere wosonyeza mphamvu yake. Dzuwa likalavula moto, mpweya wa kumwamba kwenikweni, kumene mafundewo amagunda n'kubwerera pansi, umasintha. Pamenepo mzere uja umalumpha mwadzidzidzi, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Palibe amene anawatuma ntchitoyi. Ankangoikonda, ndipo ankalemba nthawi n'kutumizira anzawo a m'maiko ena ochita zomwezo.

Dzulo lake, Lachitatu, Mayi Rebeka atabwera kudzadya nkhomaliro, anapeza mzere utalumpha kuposa masiku onse. Anawaitana amuna awo mwachisangalalo kuti adzaone. A Filipo ankawanyadira kwambiri akazi awo, choncho nkhaniyo anapita nayo pa bawo, pa khonde la sitolo.

Zomwe zinachitika pa khondepo a Filipo anaziulula kwa akazi awo m'mawa wa Lachinayi uja, atazolika.

Layson, amene ankaperekeza alendo a pa loji kukaona mbalame, ndiye anayambitsa. "Inu a telala, moto umenewo mwauona ndi maso anu? Kapena mumangovomera zilizonse zomwe madamu anena?"

Anthu anaseka. Layson anavula magalasi oonera patali amene anali m'khosi mwake, natulutsanso magalasi akuda. "Awa amakoka nkhwazi ili kutsidya. Valani magalasi akudawa, kenako muyang'anire umu. Ngati moto ulipo muuona, tikukhulupirirani."

A Tahiru, msodzi wachikulire, anasiya kuseka. "Ayi, Filipo. Dzuwa saliyang'ana. Ife pa nyanja ngakhale kunyezimira kwake pa madzi timakutembenukira nkhongo. Asiyeni aseke, kuseka sikupha munthu."

Koma manyazi anali atawagwira kale a Filipo. Anayang'ana. Misozi itatuluka anapukuta n'kuyang'ananso, akufunafuna moto woti auloze. Sanaone chilichonse, ndipo sanamve kupweteka.

Lachinayi lija Mayi Rebeka sanapitenso kusukulu. Anakwera nawo minibasi mpaka kuchipatala, kumene namwino wa za maso, Mayi Nasra, anawathira mankhwala otsegula mboni n'kuunika mkati kwa nthawi yaitali.

"Bambo, kumbuyo kwa maso anu kwapsa, pamalo enieni pomwe munthu amaonera zinthu zing'onozing'ono," anatero namwinoyo. "Magalasi oonera patali amasonkhanitsa kuwala malo amodzi, monga muja ana amayatsira pepala ndi galasi. Magalasi akuda a pamsika sateteza konse. Ndipo malo amenewa samva ululu, n'chifukwa chake simunadziwe kuti mukupsa."

"Nanga mankhwala ake?" anafunsa Mayi Rebeka.

"Sindikunamizani, mayi, palibe mankhwala obwezeretsa popsapo. Ena chibangacho chimachepa pakapita miyezi, koma apa bala ndi lalikulu. Muzibwera tiziona. Chonde, wina asakuuzeni zothira zitsamba kapena madzi a shuga m'masomu. Mungawononge ndi zomwe zatsalazi."

Mu minibasi pobwerera Mayi Rebeka analira chamumtima. Teremu iliyonse ankalemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu kuti munthu asayang'ane dzuwa. Ana a eni mazanamazana anamva chenjezo limenelo. Koma munthu amene ankadya naye mbale imodzi sanamuuzepo, poganiza kuti wamkulu amadziwa kale. Sanamuuzenso kuti moto umenewo suoneka ndi maso wamba, ndipo n'chifukwa chake iwo ankaudikirira pa waya.

Miyezi inayi inadutsa. Diso lakumanzere linayamba kuonako bwino pang'ono, lakumanja ayi. A Filipo ankatha kuyenda okha, kutunga madzi, ngakhale kuthirira dimba, koma msoko sankauona. Makina osokera anawafunditsa chitenje. Anthu anayamba kupita ndi nsalu zawo ku Dwangwa, ndipo podutsa pa nyumbapo ankapereka moni mofulumira. Layson anabwera kamodzi ndi nsomba m'manja, nazisiya n'kubwerera.

Loweruka lina Mayi Rebeka anatenga pulayazi yodulira waya n'kupita kuseri. A Filipo anamva waya akulira.

"Mukutani kumeneko?"

"Ndikuchotsa. Chinthu chimenechi ndicho chakuphani maso."

"Siyani," anatero a Filipo akupapasa mtanda uja. "Wayayu sanandiuze kuti ndiyang'ane dzuwa. Anandiuza ndi Layson, ndipo ine ndinamvera chifukwa choopa kusekedwa. A Tahiru anandiletsa, makutu ndinali nawo. Mukachotsa, anthu adzati mumachita zamatsenga, ndipo chenicheni sadzachidziwa. Pitani mukawauze kuopsa koyang'ana dzuwa. Ine ndidzaima pambali panu kuti aone."

Anayamba pa bawo pomwepo, kenako pa doko asodzi akuyanika makoka. A Tahiru anawapezera mpata wolankhula ndi anthu akutuluka ku mzikiti. Lamulungu analankhula m'tchalitchi, a Filipo ataima chilili kutsogolo, chipewa chili m'manja.

Akubwerera kunyumba, a Filipo anaima pansi pa mtengo wa mango. Anatembenukira kwa akazi awo, koma maso awo analoza pambali, cha pa phewa.

"Mukuyang'ana chiyani?" anafunsa Mayi Rebeka akucheuka.

"Ndikuyang'ana inu. Ndikakulunjikani, ndimaona duku ndi kolala ya bulauzi, pakati palibe kanthu. Ndiye ndaphunzira kuyang'ana kumbali kuti nkhope yanu ndiziibako pang'ono."

Mayi Rebeka anagwira pakamwa. Anaima pomwepo osasuntha, kuti amuna awo awaone mpaka atakhutira.

Phunziro: Osayang'ana dzuwa, kaya ndi maso okha, magalasi akuda kapena magalasi oonera patali, chifukwa limaotcha diso mosamva ululu. Osaika thanzi lanu pachiswe poopa kusekedwa. Ndipo inu amene mukudziwa za ngozi, chenjezo liyambire m'nyumba mwanu.