Makasu Awiri a Che Uladi

Mvula inali pafupi, koma munda wa Clementina wa mʼmbali mwa mtsinje wa Rivirivi unali usanalawe khasu. Mwamuna wake, Amosi, chibwerereni ku Balaka kumene anakachita maphunziro a atsogoleri a mphakati wa kutchalitchi, khasu lake analipachika mumtengo wa mango.

Kumeneko anamva za Ayuda akale amene, atatopa ndi mafumu achilendo, ankalemba masomphenya a zilombo zanyanga, akudikira Mesiya wodzagwetsa maufumu onse. Anamvanso kuti Akhristu oyamba anatola chiyembekezo chomwecho nʼkuchiika pa Yesu wodzabweranso mʼmitambo. Anzake anabwerera nʼkupitiriza ntchito zawo. Amosi yekha anabwerako ndi mantha.

“Mayi a Janeth, madzi aja anakokolola nyumba za anthu mumati nʼchiyani? Nthawi yakwana. Tilimirenji?”

 Clementina ankangotenga kolona nʼkulowa mʼnyumba.

Chimene chinkamusowetsa mtendere kwambiri anali Che Uladi, Msilamu wa munda woyandikana ndi wawo, wogulitsa nandolo ku Ntaja. Munthu amene kale ankapereka moni ali panjinga, tsopano madzulo aliwonse ankakhala pakhonde pawo, kumvetsera za zilombozo, akugwedeza mutu. Tsiku lina anasiyira Janeth, mwana wawo, mapapaya awiri. Clementina anathokoza atagwada, koma mumtima anafunsa: mapapaya amenewa akutsegula njira yopita kuti?

Munda wa kumtsinjewo, Clementina anamusiyira ndi mayi ake. Amosi anali mkamwini chabe. Ndipo aliyense pamudzipo ankadziwa kuti munda ukagona, wina nʼkuulima, nʼkudzalamo mbewu yake, zokolola zimakhala zake, ndipo kumuchotsamo chaka chamawa umakhala mlandu.

Tsiku lina masana akukathyola nkhuni, Clementina anapeza mizere yatsopano mʼmunda mwake, kuyambira kumalire kwa Che Uladi. Mʼdothimo munali mapazi a nkhwaira za matayala. Anaima, nʼkudziguguda pachifuwa. Ambuye, mundikhululukire ngati ndikunamizira munthu, koma nkhwairazi ndikuzidziwa.

Mʼmawa mwake Amosi anadzuka ali wosangalala. “Ndikukaonana ndi Che Uladi. Ayamba kumvetsa.”

Atangochoka, Clementina anamanga chimanga cha mbewu pansonga ya chitenje nʼkumulondola. Anatsimikiza mtima kuti mbewu yoyamba kulowa mʼmizere imeneyo ikhala yake, ngakhale dothi likhale louma. Atafika anabisala kuseri kwa chulu.

Che Uladi ankalima. Pambali pawo, mzere wachiwiri, ankalima Amosi, malaya atavula.

“Ndiye Ayuda anuwo, achimwene, anadikira nthawi yaitali bwanji?”

“Mibadwo ndi mibadwo.”

“Ankadya masomphenya?”

Amosi anapukuta thukuta. “Mukuseka zinthu zoopsa, Che Uladi.”

“Iyayi, ndikufunsa. Ifenso kumzikiti timamva kuti Isa, Yesu wanuyo, adzabwera. Koma sindinamvepo kuti adzabwera atasenza ufa. Gwirani khasulo bwino, mukulima ngati mukuopa kudzutsa nyerere. Nanga chilombo cha nyanga zambiri chija chinatha bwanji?”

Amosi anayamba kufotokoza, khasu likukwera nʼkutsika.

Clementina anatulukira. Anapereka moni mwaulemu, koma maso ake ankafufuza mʼmatumba mwa Che Uladi, panjinga, pansi pa mtengo. Panali botolo la madzi basi.

“Mbewu yanu mwaisiya kuti, Che Uladi?”

“Mbewu yanga? Ili kunyumba, ikudikira munda wanga.” Anadikira kuti Amosi atalikire ndi mzere wake, kenako anatsitsa mawu. “Amuna anu amafuna munthu wowamvera. Ndinawauza kuti makutu anga amamva bwino manja akamagwira ntchito. Ndiye mkamwini angaime chilili, mlendo akulima munda wa mkazi wake? Anthu odutsa angati chiyani? Tsiku lachiwiri ndinabwera ndi khasu lina.”

“Inuyo mupindulapo chiyani?”

“Munda wanu ukagona, mbewa zake ndi moto wa osaka mbewazo zidzathera kwanga.”

Yankho limeneli Clementina analikhulupirira kuposa mapapaya aja. Komabe anayenda mpaka kumalire, nʼkuona ngati chitsa cha malire chimene mayi ake anamusonyeza chikadali pamalo pake. Chinalipo, ndipo mizere ya Che Uladi inachilambalala.

Anamasula mfundo ya chitenje. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda. Anaponda ndi chidendene pamzere woyamba, nʼkuponyamo njere.

Amosi anacheuka. “Mayi a Janeth, nanga Yesu akabwera mawa?”

“Atipeza muno, bambo a Janeth. Malizani mzerewo.”

Madzulo Clementina anatuma Janeth kuti akasiye mazira kwa Che Uladi, nʼkumuuza kuti abwere nalo khasu lija lili mumtengo wa mango, akalinole. La eni ake libwerere kwawo.