Kasitomala wa Mchere

Tsiku limene anatilola kukhala ndi madzi pakauntala tinaomba m'manja ngati atikwezera malipiro. Musatiseke. Munthu amene sanaimepo pamakina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akungoti "takulandirani, jumbo mukufuna, pitani bwino," sangadziwe mmene pakhosi pamaumira. Kale botolo linkatsala m'kabati kuseri, ndipo ukati upemphe kukamwa, supavaiza wathu ankakuyang'ana ngati wapempha galimoto yake.

Supavaizayo tinkamutcha Madamu Lamulo, poti sankatha kupereka chinthu chopanda mchira. Madziwa nawonso anabwera ndi michira yake. Botolo likhale limodzi, loonekera m'kati, pansi pa kauntala. Dontho lisayandikire makina. Ndipo chachikulu, osamwa kasitomala ali patsogolo pako.

"Tikungoyesa," anatero Madamu. "Mmodzi yekha akalakwitsa, mabotolo onse abwerera kuseri. Mwamva?"

Ine ndinamva kuposa onse. Ndinali woyembekezera, mimba itayamba kale kugunda kauntala, ndipo anamwino kusikelo anali atandikalipira. Anati madzi m'thupi mwanga ndi ochepa, ndipo ndikapitiriza kuuma chonchi mwanayo ndimutaya. Mwana woyamba, womudikira zaka. Botolo langa ndinagula latsopano, lachotsekera chabuluu.

Masana a tsiku loyambalo m'sitolo munali zii, mafiriji okha akung'ung'uza. Ndinayang'ana uku ndi uku, palibe munthu. Ndinawerama, n'kugwira botolo.

"Odi."

Patsogolo panga panali bambo wamtali, woonda, atavala jekete lotuwa lomanga mabatani mpaka m'khosi, kutentha konse kuja. Milomo yawo inali yong'aluka, yoyera m'mbali. Anaika paketi ya mchere pakauntala. Maso awo sanali pa ine, anali pansi pomwe panali botolo.

Ndinalisiya, n'kuwapatsa moni. Ndinadutsitsa mcherewo pamakina, makina osalira. Ndinadutsitsanso, zii. Ndinatembenuka kuti ndilembe nambala yake pamanja, ndipo podzutsa mutu bambo aja panalibe. Mchere wokha.

Anthu osiya katundu pakauntala ndi ambiri, ena amangofuna kuti tiwaone kuti alowa m'sitolo. Ndinauponya m'basiketi ya zobwezedwa. Koma nditangogwiranso botolo, "Odi." Iwo omwewo, paketi ina.

Zinakhala choncho masiku otsatira. Anthu akachuluka, lamulo linkandiletsa kumwa. Anthu akatha, dzanja likangokhudza chotsekera, bambo a mchere afika. Phazi lawo sindinalimvepo, ngakhale chitseko kutseguka. Wokonza mashelefu anayamba kundiseka pobwera kudzatenga basiketi.

"Asisi, mwatsegula bizinesi ya mchere kapena?"

Ndinaseka nawo, koma mtima sunaseke. Kunyumba ndinkamwa ngati ng'ombe, komabe tsiku la pakauntala ndi lalitali. Mutu unkandiwawa, lilime likumata. Ndipo mwana uja, amene ankandimenya mateche mpaka ndinkamutcha wampira, anayamba ulesi. Tsiku lina kuyambira m'mawa sanagwedezeke n'komwe. Ndinachita mantha enieni.

Tsiku lomwelo Madamu anaima pambali panga, manja m'chiuno.

"Iwe ndiwe unkalira kwambiri za madzi. Nanga botolo likubwerera lodzaza bwanji? Ndimakuona pakamera. Umawerama, umadzuka, kenako umapereka moni kwa mphepo. Ukudwala?"

"Kasitomala, Madamu. Bambo a jekete aja."

"Bambo ake ati?"

Ndinayang'ana patsogolo pa kauntala, panalibe munthu. Koma Madamu atachoka, mkwiyo unaposa mantha. Ngati kamera siiwaona, ndiye kuti si kasitomala. Ndinatenga botolo. "Odi," anatero bambo aja. Ndinawayang'ana m'maso, n'kutsegula, n'kuyamba kumwa.

Ndinamwa, ndinamwa, koma pakhosi panga sipanadutse kanthu. Madzi ankatsika m'botolo, ine ndikumeza mpweya. Kholingo la bambo aja ndilo linkakwera ndi kutsika. Milomo yawo inanyowa ndikuona, kadontho kanatsetsereka pachibwano. Botolo litatha anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Ine lilime linali louma ngati chikopa.

Nthawi yopuma ndinathamangira kuseri, kuchipinda chosinthira. Ndinapezako Anti a pakauntala yoyamba atavula nsapato, akusisita mapazi awo otupa. Anti ndiwo anali akale kuposa tonse, anatiphunzitsa ntchito ndi kutukwana komwe. Ndi iwo okha amene sanabweretse botolo chiperekere chilolezo. Ndinawafotokozera zonse.

Sanadabwe. "Ukawaonanso uyang'ane m'khosi mwa jeketemo. Muli kolala yobiriwira."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Yunifolomu yakale imeneyo, iwe usanabwere. Ankaima pomwe umaima iwepo. Munthu wabwino, wosadziwa kupempha. Ankapirira ludzu tsiku lonse, chaka ndi chaka, mpaka impso zinakana. Tinakamuika ndi malaya omwewo."

"Nanga nthawi yonseyi anali kuti?"

"Akanadzatsata chiyani, mwana iwe? Pakauntala panali madzi?" Anavala nsapato imodzi movutikira. "Walakwitsa kumwa iye akuyang'ana. Mlendo amayamba ndiye. Ukapanda kumupatsa, amamwera pakhosi pako. Muthirire pang'ono, umuikire patsogolo."

"Pafupi ndi makina? Madamu akaona, tonse tilandidwa mabotolo."

"Ndiye sankha."

Ndinawafunsa chifukwa chimene iwo sankabweretsera lawo. Anaseka kuseka kopanda mano.

"Ine ndinazolowera ludzu. Komanso ndimadziwana ndi ambiri."

Ndinadzaza botolo pampopi n'kubwerera. Ndinaganiza za anzanga, mmene ankamwera mosangalala ngati ana. Ndinaika dzanja pamimba. Munali chete.

"Odi."

Kolala inalidi yobiriwira, yothetheka m'mbali. Ndinatsegula botolo pamwamba penipeni pa kauntala, kamera ikundiyang'ana. Ndinathira m'kachotsekera osataya dontho, n'kukankhira patsogolo pawo.

"Imwani, bambo."

Anakanyamula ndi manja awiri, ngati kapu yaikulu. Anamwa pang'onopang'ono atatsinzina. Kenako anakabweza, n'kutenga mchere wawo.

"Zikomo, mayi," anatero. "Sindinafune kuvutitsa."

Ulendo uno ndinawaona akuchoka. Anayenda kulowera kumashelefu, osati kukhomo.

Ndinamwa. Madzi anatsika ozizira mpaka m'mimba, ndinawamva njira yonse. Ndisanatsitse botolo, wampira uja anandimenya teche pansi pa nthiti, lamphamvu, lamwano. Ndinalira pomwepo pakauntala ngati chitsiru.

Madamu anatulukira akuthamanga. "Wathira madzi pafupi ndi makina! Ndakuona ndi maso angawa!" Anatola kachotsekera, n'kupisamo chala. Munali mouma gwa, ngati simunalowepo madzi chigulire. Anakatembenuza, anayang'ana kauntala, anayang'ana ine.

"Uli ndi mwayi," anatero. "Koma diso langa lili pa iwe."

Madzulo amenewo ndinapita kunyumba ndikuyimba. Ndinkati zatha.

M'mawa mwake kauntala yoyamba inali yotseka. Madamu anatiuza mwachidule kuti Anti anakomoka pokwera basi dzulo, ali kuchipatala, ndipo tigawane makasitomala awo. Ndinati ndikaweruka ndikawaone, ndiwatengere zipatso, ndiwauze kuti malangizo awo agwira.

Masana anthu anatha ngati mwa nthawi zonse. Mafiriji anang'ung'uza. Ndinawerama, n'kugwira botolo.

"Odi."

Sanali mawu amodzi. Ndinadzuka pang'onopang'ono. Bambo a jekete anali patsogolo, akumwetulira mwamanyazi ngati munthu amene wabwera ndi alendo osanena. Kumbuyo kwawo kunali mzere. Amayi, abambo, ena a makolala obiriwira, ena a mayunifolomu amene sindinawaonepo, a masitolo ena kapena a zaka zina. Mzerewo unadutsa pa mashelefu a sopo, n'kukhota pa mafiriji. Palibe ankakankha mnzake, palibe ankadandaula kuti tikuchedwa. Anthu odziwa kuima. Aliyense ananyamula paketi ya mchere.

Madamu anadutsa pakati pawo akuyang'ana foni, osagunda ndi mmodzi yemwe.

"Lero kulibe anthu," anatero. "Imwa madzi akowo, usadzati tinakumana."

Ndinayang'ana botolo. Limodzi, monga mwa lamulo. Kuchoka pakauntala kukadzaza kunali kosaloledwa mpaka nthawi yopuma. Mwana anagwedezeka m'mimba, pang'ono chabe, ngati akundikumbutsa kuti nayenso ali pamzere.

Ndikanatha kulibweza pansi botololo. Ndikanatha kuvula yunifolomu n'kutuluka osabweranso, ndipo ndinatsala pang'ono kutero. Koma ndinaponya maso kumapeto kwa mzere, kuja kumafiriji. Womaliza anali wamfupi, wopanda nsapato, mapazi otupa. Yunifolomu yake inali yofanana ndi yanga. Anti anagwira mchere wawo pachifuwa, maso ali pansi, ngati akuchita manyazi kuti ndawaona.

Ndinatsegula botolo. Ndinathira m'kachotsekera pang'ono kwambiri, kongonyowetsa milomo, kuti madzi akafike mpaka kwa Anti. Bambo a jekete anamwa, n'kupatuka.

"Wotsatira," ndinatero.