Lenzi ya Tony ndi Nkhope ya Amayi

Tony, mlongo wanga wotsiriza kubadwa, anatsika minibasi pa Chimbiya Lachisanu masana atakumbatira chikwama chakuda pamimba ngati khanda lodwala. Ine ndinali pamalo panga m'mbali mwa msewu, ndikuunjika mbatata ya kachewere m'ndowa. Moni sanandipatse. Anayamba kaye wapukuta fumbi pa chikwamacho.

"Achemwali a Dorika," anatero, "mawa muona zinthu. Ndagula lenzi."

Ndinamufunsa ngati lenziyo ndi yodya. Sanaseke. Anatsegula zipi pang'onopang'ono n'kutulutsa chinthu chakuda, chonenepa ngati botolo la mafuta ophikira lodula pakati, chagalasi kutsogolo. Anzanga ogulitsa kabichi ndi tomato anasendera kuti aone, iye n'kuwabweza ndi dzanja, ati mpweya wawo ungachite nthunzi pagalasipo. Kenako anayamba kutchula manambala: twente-fo sevente, thu poyinti eyiti. Ine ndinayesa nambala ya foni ya amene anamugulitsa, koma ati limenelo ndiye dzina lake. Ati ukailumikiza ku kamera n'kupotoza mphete yake, imakokera munthu pafupi iwe osasuntha phazi. Ukapotozera kwina imameza mudzi wonse. Ati akatswiri onse ojambula maukwati ku Lilongwe ali ndi yomweyo.

Katswiri wathuyu amagulitsa matayala mu shopu ya mwini ku Lilongwe komweko, ndipo kamera anali atakhala nayo miyezi inayi yokha. Koma mmene ankayendera tsiku limenelo, khosi lili neng'a, mukanayesa kuti ndiye anajambula Adamu ndi Hava.

Mawa lakelo unali ukwati wa mng'ono wanga Hellen ndi a Stefano, aphunzitsi a ku Dedza boma. Aliyense anali ndi chake chomwe ankayembekezera pa ukwatiwo. Changa chinali chimodzi basi: chithunzi cha amayi.

Bambo athu, a Anselmo, anamwalira ine ndili sitandade sikisi, osasiya chithunzi ndi chimodzi chomwe. Lero ndikatsinzina kuti ndiwakumbuke ndimangoona chipewa ndi jekete yawo yotuwa ija. Nkhope inafufutika, ndipo zimandiwawa. Ndinalumbira kuti amayi sadzapita choncho. Koma amayi athu, a Magadalena, anali munthu wa khutu lolimba. Ukangowalozetsa foni ankadziphimba ndi chitenje n'kufunsa kuti, "Nkhope yangayi mukufuna mukatani nayo?" Chithunzi chokha chomwe chinalipo ndi ka pa chiphaso cha unzika, kakang'ono ngati chikhadabo, nako kanali katakhulika chifukwa ankamangirira chiphasocho kunsonga ya chitenje pamodzi ndi fodya wawo wa m'mphuno. Chikhalirecho chifuwa chinali chitawagwira kuyambira nthawi ya mvula, ndipo thupi linkatha ife tikuona.

Ndinawanyengerera mwezi wathunthu. Ndinakawasoketsera deresi labuluu ku boma, lamanja aatali chifukwa cha kuzizira kwa mu Juni. Pamapeto anavomera.

"Pa ukwati wa Hellen," anatero. "Kamodzi kokha. Usadzandivutenso."

Ndinali nditalankhula kale ndi a Alufeo a pa Mayani, amene akhala akujambula maubatizo ndi maukwati a kuno zaka makumi atatu, akuyenda pa njinga yawo ya kapalasa. Kamera yawo ndi kakang'ono, kokulungidwa m'mpango. Koma iwo amadziwa kajambulidwe ka anthu a kwathu. Mayi wamkulu samukokera pagulu. Amamutengera kuseri kwa nyumba, n'kumukhazika pa mpando, n'kuyamba kucheza naye za nyemba ndi za mbuzi yomwe yaswa, mpaka mayiyo ayiwale n'kuseka. Pamenepo ndiye amadina.

Loweruka m'mawa a Alufeo anafika kwathu chifunga chisanachoke. Tony anakumana nawo pabwalo, chilenzi chili lende pachifuwa.

"Madala, kakamera kanuko kabwezereni m'mpango," anatero. "Zithunzi zanu ndinazionapo. Mumaoneka chilichonse, khola la mbuzi, nkhuku, mpaka chimbudzi. Masiku ano sitijambula choncho. Timafuna munthu yekha aoneke, zakumbuyo zonse zisungunuke."

A Alufeo anayang'ana galasilo, n'kuyang'ana ine.

"Palibe kanthu, bwana," anatero. "Koma amayiwo muwajambule paokha, ndipo msanga, asanavule deresi."

Anakwera njinga yawo n'kumapita. Ine, Dorika, mayi wa ana atatu, amene ndimakalipira makondakitala tsiku lililonse, ndinangoti kukamwa yasa. Kukula kwa galasi kunandipusitsa. Ndinaganiza kuti chinthu chachikulu chotero sichingalephere kuona nkhalamba imodzi. Uchitsiru umenewo ndi wanga, sindiukankhira kwa munthu.

Ku tchalitchi Tony anauza mkulu wa mpingo kuti alengeze zoti pasapezeke wojambula ndi foni, ati manja a anthu amamuonongera zithunzi. Anthu a kwathu akaona munthu wa mtauni ali ndi chida chonyezimira amamvera, choncho mafoni onse analowa m'matumba. Ndiye anayamba masewero ake. Ankagwada, ankagona chafufumimba pakati pa tchalitchi, anakwera pa benchi ya kwaya, mphete ija akuipotoza uku ndi uku. Pa nthawi ya malumbiro theka la mpingo silinkayang'ana akwati, linkayang'ana kumbuyo kwa thalauza la Tony.

Titabwerera kunyumba ndinamukoka malaya.

"Tony, amayi. Uwajambule paokha."

"Dzuwa lakwiya, achemwali. Dikirani lipendeke."

Dzuwa lokwiyalo silinamuletse kujambula nsapato za Hellen zitaikidwa pa chitsa. Silinamuletse kutenga mphete za akwati n'kuzisanjika pa tsamba la kabichi, kabichi wanga wogulitsa, n'kumazizungulira mphindi makumi awiri ngati galu wofuna pogona. Keke anaijambula kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba. Atsikana operekeza mkwatibwi anawajambula mmodzimmodzi, makamaka wamtali uja, amene lenzi inkamukokera pafupi kuposa anzake onse. Nditamukumbutsa kachiwiri anandiyankha osandiyang'ana: "Ndikubwera, musandisokoneze."

Kenako inakwana nthawi ya chithunzi cha banja. Tony anatifoletsa pabwalo, akwati pakati, ife m'mbali. Ndiye anachita chinthu chomwe ngakhale mwana wa sitandade wanu wa kuno sangachite. Anagwira amayi pamkono n'kuwakokera pambali pa a Stefano, phewa ndi phewa.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayandikana. Sakhala pamphasa imodzi, sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso; akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo moni amapatsana ali patali. Si udani, ndi ulemu. Tony anabadwira m'nyumba yomweyi, anakula akuona amayi akuzemba amuna anga, koma zaka zisanu ndi chimodzi za ku Lilongwe zinamutsuka mutu. A Stefano, munthu woleredwa bwino, anazyolika n'kusendera kumbali. Amayi anasomphola mkono wawo n'kubwerera m'mbuyo, m'mbuyo, mpaka anakaima pansi pa mtengo wa mapichesi, mapazi ngati khumi kuchokera pamzere.

"Zachikale izi, amayi!" Tony anakuwa.

"Ndijambule ndili pompano," anayankha amayi. "Si unati chinthu chakocho chimakoka?"

Anthu anaseka. Tony anagwedeza mapewa.

"Asiyeni. Aoneka."

Ine ndinacheuka, ndipo zomwe ndinaona sindidzaiwala. Amayi anachotsa chitenje pamapewa kuti deresi lioneke. Anawongola msana, manja anapinda kutsogolo, n'kukweza nkhope. Ndipo anamwetulira, kumwetulira kwenikweni, mpaka mpata wa mano awo akutsogolo unaonekera. Munthu amene anakana kamera moyo wake wonse anaipatsa nkhope yake yonse masana amenewo. Tony anadina kangapo, tcha tcha tcha, n'kunena kuti zatheka.

Dzuwa litapendeka ndinamupeza akudya nkhuku kuseri. Ndinamulanda mbale. Anadzuka monyinyirika, akupukuta manja, koma titafika kukhitchini tinapeza amayi atavala kale juzi yawo yakale ya masiku onse, deresi litapindidwa m'sutikesi.

"Ndajambulitsa kale," anatero. "Ndinati kamodzi."

Patatha milungu itatu Tony anabwera ndi laputopu kunyumba kwanga ku Chimbiya. Zithunzi zinalipo mazana asanu ndi anayi. Kunena zoona lenziyo imaona. Ndinaona ulusi uliwonse wa tayi ya a Stefano, kachiphuphu kapachibwano ka Hellen, timitsempha ta tsamba la kabichi. Nsapato zija zinatuluka zokongola kuposa eni ake.

"Taonani kumbuyoku," ankatero Tony, akusisita galasi la laputopu. "Mudzi wonse wasungunuka. Anzanga atauona sanakhulupirire kuti ndi ku Mayani. Wina anayesa ndi ku hotela."

Pamenepo ndiye ndinamvetsa chomwe anagulira chinthucho. Sanachigule kuti chione. Anachigula kuti chibise khitchini yofolera ndi udzu, nkhokwe yopendekeka ndi khola, anzake asadziwe komwe anachokera.

Tinafika pa chithunzi cha banja. Tonse tinalipo, owala, ooneka bwino, ine ndi mano anga onse. Kumbuyo kwa phewa la a Stefano kunali chinthu chobiriwira chomwe ndinadziwa kuti ndi mtengo wa mapichesi. Pansi pake panali banga labuluu, ndi kabanga kena kakuda pamwamba, ngati inki yodonthera pa pepala lonyowa.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Zakumbuyo," anatero.

"Amenewo ndi amako."

Tony anaweramira laputopu ija. Kenako anakuza chithunzicho ndi zala, banga lija n'kungokula, osatuluka diso, osatuluka mphuno. Tinafufuza zithunzi zonse mazana asanu ndi anayi, ine ndikutukwana. Amayi anapezeka m'zithunzi khumi ndi zinayi, ndipo monsemo anali banga, chifukwa monsemo munali mkamwini wawo kutsogolo, iwo atatalikira monga mwa mwambo.

"Vuto ndi lawo," Tony anatero potseka laputopu. "Anaima kunja kwa fokasi, kutali ndi pomwe ndinalunjika. Lenzi ilibe mlandu. Ndidzawajambula pa Khirisimasi, ndidzabwera ndi nyali zake."

Ndinapita kwa a Alufeo, ndi manyazi anga onse. Anabwera kawiri, n'kucheza ndi amayi za nyemba, koma atangomasula mpango amayi analowa m'nyumba. Anali atawonda kwambiri ndipo ankadziwa. "Ayi," anatero ali mkati. "Mwana wanga anandijambula ndili bwino, nditavala deresi. Ana adzandione choncho." Ine sindinalimbe mtima kuwauza. Ndinawasiya akukhulupirira kuti chithunzi chilipo.

Anamwalira mu Okutobala, kukutentha, mapichesi asanapse.

Tony anafika tsiku loika maliro, chikwama chija chili pamimba. Itakwana nthawi yoona nkhope, anthu tili pamzere, amayi a mpingo akuimba, ndinamva kumbuyo kwanga kaphokoso kaja, tcha tcha tcha. Anali ataweramira pabokosi, akupotoza mphete yake modekha, osathamanga, dzuwa silinamukwiyire tsiku limenelo. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamulanda chinthucho n'kuchiponya m'manda, koma anthu awiri ankandigwirizitsa.

Sabata yotsatira kondakitala wina anandipatsa phukusi lochokera ku Lilongwe. Munali chithunzi chachikulu, m'fulemu yagolide. Nkhope ya amayi inadzaza chithunzi chonse. Khwinya lililonse linkaoneka, imvi iliyonse, mpaka thonje lomwe anawaika m'mphuno ulusi wake unkawerengeka. Maso otseka, milomo yomata. Ndisanapume n'komwe foni inalira.

"Achemwali, mwalandira?" anatero Tony, mawu ake odzaza ndi kunyada. "Apa ndiye atuluka bwino, eti? Mwaona zomwe lenzi imachita munthu akakhala kutsogolo osagwedezeka?"

Ndinadula foni. Chithunzicho ndinachivundikira pansi pa sutikesi, pamodzi ndi deresi lomwe ndinalisoketsa, ndipo sichidzatulukamo ine ndili moyo.

Pakhoma la pabalaza panga ndinapachika china chija, cha pa ukwati. Alendo akabwera amachiyamikira, ati wojambula wake ndi katswiri, taonani mmene tayi ikuonekera. Mwana wanga wamng'ono, Patience, anali ndi zaka zitatu pamene agogo ake ankamwalira, ndipo dzulo anandifunsa kuti ankaoneka bwanji. Ndinamunyamula, n'kuika chala chake pa banga labuluu lija, pansi pa mtengo wa mapichesi.

"Ndi awa," ndinamuuza. "Apa akumwetulira."

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi.

"Amayi," anatero, "nanga nkhope yawo ili kuti?"