Maliro a Kopolo Laston Jere

Asilikali awiri anafika kwathu ku Mlonyeni Lachiwiri m'mawa, mu Meyi 2006, napeza amayi akutong'ola chimanga pakhonde. Anavula zipewa n'kuwauza kuti mwana wawo, Kopolo Laston Jere, waphedwa ku Kongo komwe ankasungitsa mtendere, ndipo thupi lifika Lachisanu. Amayi sanamve n'komwe za Kongozo. Anangomva dzina ndi liwu loti waphedwa, basi n'kugwera pachimanga pomwepo.

Laston Jere ndine. Nthawi imeneyo n'kuti ndili pa Kamwendo, ndikukangana ndi mayi wina amene ankafuna ndimukweze pa kabaza wanga pamodzi ndi mbuzi yake. Nditabwerera masana ndinapeza pakhomo padzaza azimayi akulira, ndipo atandiona ena anathawira kuseri kwa khola. Amalume anali atawauza kale, galimoto ya asilikali itangochoka, kuti wafayo si ine. Koma amalume athu amalankhula kwambiri moti anthu anasiya kalekale kuwamvera.

Wafayo anali Zakeyu, mnzanga wa paubwana. Bambo ake, a Timoteyo, anali tenanti pa esiteti ya fodya yoyandikana ndi mudzi wathu. Kwawo kunali ku Phalombe, koma Zakeyu anabadwira pa esiteti pomwepo ndipo ku Phalombeko sanapondeko phazi. Sukulu anailekera Sitandade 8, chaka chimene mayi ake anamwalira. Mu 1998 asilikali atabwera kudzalemba anyamata pa Boma, ankafuna satifiketi ya JC ndi kalata yosonyeza mudzi wakwanu. Zakeyu analibe zonse ziwiri, koma ankathamanga kuchoka pa esiteti mpaka pa Kamwendo osapumira. Ine ndinali nazo zonse ziwiri, kuphatikizapo mphumu. Ndinamubwereka, amalume n'kumuperekeza kukatenga kalata.

Ndinene zoona, ndinamusungira mkwiyo kwa zaka zambiri. Satifiketiyo sinabwerenso, ndipo sindikanatha kufunsira nayo ntchito kwina kulikonse. Dzina langa linakwatira mkazi wokongola ku balaki, linakwezedwa kukhala kopolo, linakwera ndege, mwini wakene ndikupalasa njinga mufumbi. Zakeyu akabwera patchuthi ndinkamuitana kuti wakuba, iye n'kumandiwombera saluti mpaka ndiseke. Ulendo womaliza sindinaseke. Ndinamuuza kuti wanenepa ndi thukuta la m'kalasi mwanga, ndipo anachoka tisanasanzikane bwino. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Uthenga kwa a Timoteyo ndinakapereka ndine, chifukwa panalibe wina amene anafuna. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya, atakhala pansi, masamba ali mbali zonse. Nditawauza sanalire. Anamaliza kumanga kamtolo kamene kanali m'manja, n'kukaika pa mulu wake, kenaka anandifunsa ngati mwanayo anavutika. Ndinati sindikudziwa. Anafunsanso kuti kodi akamuika kuti, popeza iwo alibe munda, alibe manda, ndipo ku Phalombe abale amene ankawadziwa anatha.

Amalume ananena kuti manda si nkhani, mwanayo anakulira pakati pathu ndipo agona pakati pathu. Nkhani inabwera Lachinayi ndi Stelia, mkazi wa Zakeyu, amene anatsika minibasi ali ndi mwana wa zaka ziwiri kumsana. Iye ankadziwa zonse kuyambira asanakwatirane. Anagwada pamaso pa a Timoteyo, pansi pa mtengo wa mango kwathu, n'kufotokoza kuti asilikali akangodziwa kuti mwamuna wake analowa ntchito ndi dzina la munthu wina, nkhani isanduka mlandu wachinyengo. Palibe amene ankadziwa bwinobwino malamulo ake, koma mantha ake anali oti iye ndi mwanayo, Tiyamike, achoka ku balaki chimanjamanja.

"Bambo, ndikupempha tsiku limodzi lokha," anatero Stelia. "Mawa lokha, akhale mwana wa pakhomo pano."

A Timoteyo anayang'ana mdzukulu wawo amene ankaseweretsa chitsononkho.

"Ndiye ine ndikhale kuti?" anafunsa.

Amalume, amene tsiku limenelo mawu anawathera, anangoloza kumpanda komwe kumakhala anthu obwera kudzapepesa.

Mudzi wonse unatsinidwa khutu. Ana anauzidwa kuti aliyense wonditchula dzina aona zakuda, ndipo mpaka asilikali achoke ine ndine msuweni wochokera ku Chipata. Mkulu wa mpingo anakana kunama pamaso pa Mulungu, koma analola kuti muulaliki wonse azingoti m'bale wathuyu. Amayi ankafuna ndikabisale kwa azakhali. Ndinakana. Ndinatenga khasu n'kupita kukakumba nawo manda, mphumu ikundilira m'chifuwa, ndipo anzanga okumba nawo sanandinyoze ngakhale kamodzi, chinthu chimene sichinachitikepo.

Lole ya asilikali inafika Lachisanu dzuwa lili pamutu. Bokosi linali lokhomeratu, litakutidwa ndi mbendera, ndipo anapepesa kuti mwambo woona nkhope sukhalapo. Ndinaona a Timoteyo kumpanda kuja akudzuka pang'ono atamva zimenezo, kenaka n'kukhalanso. Anali atavala jekete lakale la Zakeyu, lowakulira m'mapewa.

Amene ankatsogolera mwambo anali Sajeni Pius, munthu wamtali, wolankhula mofatsa. Anawerenga mbiri ya malemu: tsiku langa lobadwa, sukulu imene ndinaphunzira, dzina la malemu bambo anga. Kenaka anapinda pepala lija n'kulankhula za mumtima. Anati tsiku limenelo anali limodzi pamsewu wina wa m'nkhalango pamene zigawenga zinayamba kuwombera, ndipo kopoloyo anali atafika kale pobisala, koma anabwerera kukakoka mnzake amene anavulala mwendo. Mnzakeyo ali moyo. Sajeni anatembenukira kwa amayi n'kuwathokoza kuti analera mwamuna weniweni.

Amayi analira ndithu, osati mwachiphamaso. Zakeyu anadya nawo m'mbale zathu kuyambira ali wamng'ono. Koma pamene anawapatsa chipewa ndi lamba wa malemu, nkhope anaizika pansi. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, chifukwa ulemu wonsewo unkagwera pakhomo pathu pomwe mwini wake atakhala pafumbi ndi anthu odutsa.

Kumanda anawomba mfuti katatu, mbalame zonse n'kubalalika m'mitengo. Bokosi litatsitsidwa, sajeni anaitana achibale kuti aponye dothi. Anayamba Stelia, atagwira kadzanja ka Tiyamike. Kenaka amayi, amalume, azakhali, alongo anga. Ine ndinaima m'mbali ndi fosholo, pafupi ndi mtanda umene unali utagonekedwa paudzu, wolembedwa dzina langa ndi penti yoyera.

Apa m'pamene a Timoteyo anatuluka m'gulu la anthu. Palibe anawaitana. Anayenda pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa dzenje, nawerama kutapa dothi ndi dzanja. Nyimbo ya azimayi inayamba kuzilala. Misozi imene anaisunga kuyambira Lachiwiri inali ikutsika tsopano, ndipo milomo yawo inkagwedezeka ngati munthu amene akufuna kuitana wina. Amalume anandiyang'ana. Stelia anakumbatira mwana wake n'kutseka maso.

Sajeni Pius anawayandikira mwaulemu ndithu, nawagwira pamkono.

"Pepani bambo, tikanali pa achibale. Kodi inu ndi ndani wake malemuyu?"

A Timoteyo anayang'ana bokosi lija pansi. Anayang'ananso Tiyamike, amene anali atatsamira pachifuwa cha mayi ake, zala zili mbuu ndi dothi.

"Si kanthu kanga," anatero. "Ine ndine tenanti chabe wa pa esiteti apa."

Sajeni anagwedeza mutu, n'kuwapempha kuti ayambe asendera kumbuyo pang'ono kuti achibale amalize. A Timoteyo anasendera, dothi lija lili m'manja.