Peni ya Njovu Ziwiri

"Munthu wanji wobwera pakhomo la eni ake ndi maginito m'thumba?" anafunsa amai.

"Ni wosonkhanitsa makobidi akale monga ine, Amake Purity," anayankha atate. "Maginito ni oyesera chitsulo chabe."

"Nanga magolovesi oyera aja? Ni wansembe? Ine nakuuzani, Atate ake Purity, ku Kawama kuja ku Ndola kunabwera wina wotere, wa tayi, wofuna ndalama za bowo. Anthu anamugulitsa. Manje m'nyumba ija muli chani? Matenda okhaokha."

"Nyumba ya ndani?"

"Ya mlamu wawo wa Ba Priscah."

"Imene simunaionepo."

"Sekani. Koma Sande ikabwera nizamufunsa pamaso panu chamene afuna. Akagwira njakata, asazapondenso pano."

Ine ndinali pakhonde ndikusadzula masamba a maungu, chibwabwa cha ndiwo, khutu lili kuzenera. Munthu amene ankamukanganirayo ndi Manasseh, mnyamata wa mu ofesi ya sitolo ina yogulitsa zomangira m'tauni ya Kitwe. Kuyambira mvula isanagwe ankabwera kwathu ku Buchi Lamlungu lililonse masana kudzaona makobidi a atate. Ine ndinali nditalemba mayeso a giredi 12. Anthu ankati ndikudikira zotsatira, koma chimene ndinkadikira kwenikweni ndi Lamlungu.

Atate anagwira ntchito mumgodi mpaka chifuwa chinawatulutsa. Chowasangalatsa chimene anatsala nacho ndi chitini cha mabisiketi chodzaza makobidi. Lililonse lili m'kakatoni kake ka zenera la pulasitiki, komenyedwa ndi stepula, chaka chake cholembedwa pamwamba. Amawandandalika patebulo kuti zaka zitsatane: mangwee a mbalame ndi a duwa, masheleni a nthawi ya ufulu, mapeni a bowo pakati a nthawi ya Chitaganya. Pamene pasowa chaka amasiyapo mpata, ngati dzino loguluka, ndipo mpatawo umawasowetsa mtendere kuposa chifuwa.

Mwa onsewo panali peni imodzi ya 1955, ya njovu ziwiri zoimirira, bowo lili pakati pawo. Agogo atabwera kuchokera ku Katete anailandira pa malipiro awo oyamba kumgodi, naikulunga m'kansalu osagulira kanthu. Mtundu wake unali wodera ngati chokoleti. Manasseh akafuna kuigwira ankayamba wavala magolovesi, n'kuitsina m'mbali, n'kuyandikiza galasi lake lokulitsa zinthu.

"Onani makwinya a pakhutu la njovu, Ba Daka," ankatero kwa atate. "Onse alipo. Iyi siinayende m'manja mwa anthu. Ndiyo yokha yasowa pa mzere wanga. Nigulitseni."

"Sinigulitsa."

"Tisinthane basi. Nikupatsani zina zabwino."

"Bwera Sande ya mawa, tikambe."

Zinkatha choncho sabata ndi sabata. Ine ndinkabweretsa tiyi, iye n'kunena kuti "Zikomo, Ba Purity," maso ali pa njovu. Tsiku lina chala chake chinakhudza changa pa sosala, ndipo sabata imeneyo ndinamanga nyumba yathu yonse m'mutu, ya makatani obiriwira ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Ana ndinawapatsa ndi maina omwe. Koma Lamlungu lotsatira anandiyang'ana kamodzi kokha, pomwe njovu anaiyang'ana mpaka tiyi anazizira.

Amai sankalankhula zopanda mutu, ndicho chinkandiwawa. Manasseh anafunsapo kumene chitinicho chimagona, akuti chinyezi chimaononga mkuwa. Anafunsanso ngati zenera la kuchipinda lili ndi zitsulo. Ndipo dzulo lake la mkanganowu, nditamuperekeza pageti, pafupi ndi kathebulo ka tomato ka Ba Priscah anansi athu, anatsitsa mawu.

"Pa Chitatu masana mumankhala na ndani pakhomo?"

Lachitatu atate amapita kuchipatala kukapimitsa chifuwa, amai kumsonkhano wa azimai a kutchalitchi. Iye ankadziwa zimenezi, atate anazinenapo iye ali pomwepo.

"Nimankhala nekha," ndinatero.

"Nizabwera ma fotini," anatero, kutanthauza 2 koloko masana.

Anakwera minibasi osacheuka. Ine ndinatsala pageti. Mwamuna akafuna kukupeza wekha, ndiye kuti akufuna iwe. Ndinavina mpaka kukhitchini. Koma nditafika pa mbaula, mawu ena anandinong'oneza kuti Lachitatu masana chitini nachonso chimakhala chokha.

Masiku awiri ndinakhala ndikutembenuza nkhaniyi. Ndikakumbukira chala chake pa sosala, ndimati ndi ine. Ndikakumbukira funso la zenera, ndimati ndi peni. Kodi sangandiseketse, n'kundituma madzi akumwa, n'kulowa kuchipinda? Kodi sangandiuze mawu okoma kuti ndimutulutsire ndekha? Kudikira Lamlungu kuti amai amufunse sindikanatha. Akanayankha zomwezo za makwinya a pakhutu, amai n'kumuthamangitsa, ine n'kutsala osadziwa mpaka kalekale.

Atate ali ndi lamulo limodzi limene ndalimva kuyambira ndili wamng'ono. "Khobidi si poto. Likada kwambiri, madzi ofunda na sopo pang'ono, ulithimbitse pansalu yofewa, osakhula. Kudera kuja ni khungu lake. Ukalikwecha walisenda, ndipo wosonkhanitsa weniweni salifunanso olo laulere." Mawu amenewa ndi amene anandipatsa nzeru. Ngati peni itafa, Manasseh n'kukhalabe pampando, ndiye kuti wabwerera ine. Ngati atanyamuka, chabwino, ndilira sabata imodzi koma ndikhala ndadziwa.

Lachitatu atate anatuluka ndi khadi lawo la kuchipatala. Amai anavala chitenje chawo cha gulu, nandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita. Ndinakwera pampando, ndinatsitsa chitini pamwamba pa kabati, ndinakanula mawaya a stepula ndi nsonga ya mpeni. Peni inagwera m'dzanja langa, yozizira. Aka kanali koyamba kuigwira.

Ndinatapa phulusa la pambaula, ndinafinyirapo ndimu, ndinatenga waya wotsukira mapoto. Sizinatenge nthawi. Kudera kuja kunayenda ndi madzi, peni inatuluka yofiirira mbee, yowala ngati chilonda chatsopano. Nditaipendeka padzuwa ndinaona timizere tambirimbiri todutsa pamimba pa njovu zonse ziwiri. Koma zinali zitachitika, ndiye ndinaiika pa sosala, ndinabwezera chitini, ndinasamba n'kuvala diresi langa lachikasu.

Anafika nthawi imene ananena. Chikwama cha magolovesi ndi galasi sanatenge. Malaya anali ositidwa bwino, ndipo anakhala kunsonga kwa mpando ngati munthu woti athawa.

"Ba Daka sanabwere?"

"Mudziwa kuti kulibe."

"Ee." Anakhosomola. Dzanja lake linapita pathumba la malaya n'kubwerera. Maso ake anathamangira kuchitseko cha kuchipinda, kenako kwa ine, kenako kuchitseko komweko.

"Mufuna madzi?" ndinafunsa dala.

"Mungandipatseko."

Ndinati m'mtima, wayamba. Sindinapite kumadzi. Ndinatenga sosala ija pashelefu n'kumuikira patsogolo.

Poyamba sanaizindikire. Kenako anawerama, nawerenga chaka. Anaitola ndi zala zake zopanda magolovesi, napita nayo pakhomo pamene pali kuwala, naitembenuza uku ndi uku. Atabwerera nkhope yake inali ngati ya munthu wochokera kumaliro.

"Ndani wachita ichi?"

"Ine."

"Na chani?"

"Phulusa, ndimu na waya wa mapoto. Siyawala bwino?"

Anatseka maso. "Ba Purity, agogo anu anaisunga, atate anu anaisunga."

"Muifunabe? Tengani, nakupatsani yaulere. Mzere wanu ukwane."

"Atate anu aiona?"

"Nakufunsani ngati muifuna."

"Iyai," anatero. Anaibwezera pa sosala mofatsa, ndipo sanakhalenso pampando.

Ndinamva makatani obiriwira aja akugwa limodzi ndi nsanamira zake. Iye anaima pakati pa chipinda, akuyang'ana pansi. Dzanja linapitanso pathumba la malaya, koma ulendo uno linatuluka ndi kakatoni ka zenera la pulasitiki.

"Ikani pansi."

Anali amai. Anatulukira kukhitchini, chitenje cha gulu chili m'chiuno, ambulera ili m'manja ngati chibonga. Kumsonkhano sanapite. Ba Priscah, amene khutu lawo limafika patali kuposa tomato wawo, anali atawauza za ma fotini, ndiye ine ndili kosamba anangozungulira kuseri n'kukhala pampando wa kukhitchini chitseko chili chotseka pang'ono. Zimene tinkakamba sanamve bwino chifukwa cha wailesi ya anansi, koma pampata wa chitseko kakatoni anakaona.

"Nakuonani na maso anga. Peni ya amuna anga mwaitulutsa m'thumba lanu. Purity, itana anthu."

"Amai, yembekezani," anatero Manasseh.

"Ine sindine amai anu." Anamulanda kakatoni kaja n'kukakweza m'mwamba. Munalidi peni ya njovu ziwiri, yodera bwino, ya 1955. "Iyi ni chani?"

"Ni yanga."

"Yanu? Si inu mwakhala mulira pano kuti mulibe?"

"Onani malembo pakakatoni. Si dzanja la Ba Daka. Yawo ni iyo pa sosala."

Amai anayang'ana malembo, anayang'ana sosala. Anatola peni yowalayo, nainunkhiza, namva ndimu. Kenako anatembenukira kwa ine, kuyambira kudiresi lachikasu mpaka kuzikhadabo zanga zimene zinali zidakali ndi phulusa.

"Iwe, tizakamba," anatero motsitsa. "Ndipo atate ako uzawauza wekha na pakamwa pako."

Maso anga anali pa kakatoni kali m'dzanja lawo.

"Munaipeza liti?" ndinafunsa Manasseh.

"Kale. Nikali kusukulu."

"Musanabwere kuno?"

"Ee."

"Ndiye munanama."

"Ninanama." Anapukuta thukuta pamphumi ndi chikhatho. "Lero ninaibweretsa kuti nikuonetseni. Ninaona kuti nikaiika patebulo, mwina simuzafuna kuti nifotokoze zambiri. Manje ingankhale ya Ba Daka, ngati angailandire. Siilingana na yawo ija, ili na kachipsera pafupi na bowo. Azaona tsiku lomwelo."

"Amenewo aona ngakhale fumbi," anatero amai. Ambulera sanaitsitse. "Nanga zenera la kuchipinda munalifunsiranji?"

"Ba Daka amauza aliyense mu minibasi za chitini chawo. Ninaopa kuti tsiku lina wina azabwera."

"Wina anabweradi. Wabodza, wa magolovesi." Amai anakhala pampando wa atate, naika makobidi onse awiri patebulo, wodera ndi wosendeka. "Miyezi yonseyi mwamwa tiyi wanga, mwamaliza shuga wanga, mwanamiza mdala wodwala kuti musowa chinthu chamene chili m'thumba lanu. Mwabwera mozemba makolo kulibe. Mwana wanga waononga chinthu cha agogo ake chifukwa cha inu, musaganize kuti sininaone. Ninati nizakufunsani pa Sande, koma Sande ili kutali. Mufuna chani panyumba pano?"

Manasseh anayang'ana kuchitseko cha panja. Ndinaona kuti akhoza kuyambanso za makwinya a pakhutu, kapena kupepesa n'kutuluka, ine n'kutsala ndi atate ndi sosala ija popanda chimene ndapindula.

"Kambani, Ba Manasseh," ndinatero. "Ine nalema."

Anandiyang'ana, osathawitsa maso ulendo uno, kenako anatembenukira kwa amai n'kupinda manja kumbuyo.

"Tsiku loyamba ninabwerera makobidi, icho sinikana. Koma lachiwiri na ena onse ninalibe njira ina yolowera pageti lanu. Nifuna muzinilola kubwera kuzacheza na Purity. Masana, pakhonde apo, inu muli pomwepo."