Zimene Dzanja la Bambo Linkabisira Kompyuta

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda komwe mumakhala makina a bambo osemera zitsulo. Ndi aang'ono, obiriwira, ali ndi mahendulo atatu: imodzi imayendetsa tebulo kumanja ndi kumanzere, ina kutsogolo ndi kumbuyo, inayo imatsitsa choboolera. Bambo apukusa mahendulo amenewo zaka makumi atatu. Chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Ataononga ntchito ziwiri za anthu, anafunditsa makinawo bulangete lakale, osalowamonso.

Ndiye amayi anagamula: mwezi ukatha makina atuluke, chipindacho achifuna. Bambo anangoti "chabwino" uku akuyang'ana khoma. Chabwino ameneyo mukanamumva, inunso kumwa tiyi mukanasiya.

"Bwanji tiwaike kompyuta?" ndinatero ine. "Dzanja lipume, mota izipukusa."

Onse anandiyang'ana. Paja m'nyumba muno mbiri yanga si yabwino. Ndine ndinajambula mkonono wa bambo n'kuuika kukhala kulira kwa foni yawo, ndipo inakalirira m'basi yodzaza.

"A Injiniya," anatero amayi, "mukatiotchera nyumba mukagona kuti?"

Koma bambo anatsegula dilowa, n'kutulutsa chivindikiro cha pampu chokhala ndi mabawuti anayi oima njo. "Uboole kambale kachitsulo ka mabowo anayi. Kalowe apa popanda hamala. Kakalowa, tikambirana."

Masabata atatu ndinali m'mavidiyo ndi m'mawaya. Mota zitatu, malamba atatu, ndi laputopu yakale yopanda batani limodzi. Mahendulo ndinawasiya, mota ndinangozimangirira pambali pake. Tsiku lomwe tebulo linayenda lokha, amayi anabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo, ati kuli mphika pamoto. Magetsi a kukhitchini anali ozimitsa.

Ndinaboola kambale koyamba. Mabowo awiri analowa, awiri anakana. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachisanu chimodzimodzi, ndipo okanawo anali omwewomwewo, akumanzere, kuphonya ndi kampata kongolowa chikhadabo. Manambala ndinawerenga mpaka maso kuwawa. Pakompyuta zonse zinali ndendende.

Apa ndiye chidwi chinandigwira. Makina omwewa, chitsulo chomwechi, bambo ankabooletsa molondola ndi diso ndi dzanja basi. Mota sinjenjemera, sitopa, siganiza za ndiwo. Nanga ikuphonya bwanji?

"Bambo, inu munkatani?"

"Ndinkapukusa."

"Kungopukusa?"

"Ukufuna ndinene kuti ndinkawaimbira nyimbo?"

"Tandionetsani kamodzi kokha."

Anabisa dzanja m'thumba la jekete. "Vidiyo zako zija sizikuonetsa?"

Kunatsala masiku anayi. Ndinaona kuti kupempha sikuthandiza, ndibwerere ku luso langa lobadwa nalo. Ndinachotsa malamba a mota, foni ndinaiimika m'chitini cha mabawuti, kamera kuloza pahendulo. Kenako ndinatsegula chitseko kuti bambo, omwe anali pakhonde ndi wailesi, azimva zonse. Ndinayamba kupukusa ngati munthu wopukusa chitsime, uku ndikudzilankhulira mokweza.

"Eya, nambala izi n'zongokongoletsa. Bola pafupifupi. Zikakana timenya ndi njerwa."

Wailesi inatsika.

"Mafutanso atha, koma ophikira alipo."

Wailesi inazima. Sipanathe mphindi, ndinamva fungo la sopo wawo kumbuyo kwanga.

"Choka. Choka, ungandiphere makina."

Dzanja linkanjenjemera, inde, koma litagwira hendulo linadziwa kwawo. Anayendetsa tebulo kumanja, n'kuima. Kutsogolo, n'kuima. Kumanzere. Sanaboole, anangondionetsa malo anayiwo, n'kutuluka akupukuta zala. "Basi. Palibe zamatsenga."

Vidiyo ndinaionera pang'onopang'ono kasanu. Popita kumanja, bambo ankafika pa nambala n'kuima. Koma popita kumanzere ankaipitirira nambalayo dala, pafupifupi theka la kupukusa, kenako n'kubwerera nayo kumanja. Nthawi iliyonse. Bowo lililonse ankalifikira kuchokera mbali imodzi.

Ndinawapititsira foni. "Ichi n'chiyani?"

"Wandijambulanso? Iwe sudzasintha." Anavala magalasi. "Ine sindichita zimenezo."

"Dzanja ili ndi la ndani? Wotchi iyi ndi ya ndani?"

Anaonera kachiwiri. Kachitatu anaonera pakamwa pali pululu. Kenako anadzuka, ine pambuyo, mpaka m'kachipinda. Anandigwira chala n'kuchiika pamphepete pa tebulo. "Usayang'ane. Ungomva." Anapukusa kumanja, tebulo linayenda. Anabweza hendulo kumanzere pang'ono. Hendulo inazungulira, nambala zinasintha, koma tebulo lili phee. Kenako ndi pamene linadzidzimuka n'kuyamba kuyenda.

"Mazinga a chitsulo cha pansipa anadyeka," anatero. "Ukabwerera, makinawa amayamba aganiza kaye. Ndi ogontha khutu lamanzere. Kompyuta yako ikuwerenga kuti yayenda, pamene tebulo silinamve n'komwe."

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndikanakuuza bwanji chinthu choti ndinaiwala kuti ndimachita?" Anayang'ana dzanja lawo ngati mlendo. "Amene anandiphunzitsa ankandimenya ndi rula apa ndikafikira bowo ndikupita kumanzere. Ndinali ndisanamere ndevu. Mutu unaiwala, koma ili linasunga."

Sitinagule kanthu. Ndinangolemba mu kompyuta kuti izichita mwambo womwewo: ikamapita kumanzere izipitirira, kenako izibwerera. Za kutsogolo ndi kumbuyo bambo anayeza okha, atatsinzina, chala patebulo, akuti "apa" tebulo likayamba kuyenda, ine n'kumalemba nambala. Tinakangana kawiri. Kawiri konseko olondola anali iwo.

Tsiku lomaliza la mwezi masana ndinabwezera malamba, tinamanga kambale kachisanu ndi chimodzi. Mota inalira, tebulo linapita kumanzere, linapitirira, linabwerera. Bambo anaseka chapansipansi.

"Taona, ikundiyeseza."

Anamasula kambale, anakauzira, anakaika pamabawuti. Kanatsetsereka kokha mpaka pansi, kuti tswii. Anakachotsa, anakaikanso. Anakatembenuza, kanalowabe.

Sananene kuti ndachita bwino, musayembekezere. Anakoka mpando, n'kukhala kutsogolo kwa laputopu, chala chimodzi chili m'mwamba ngati akufuna kupha nyerere.

"Fufuta zonse ulembenso. Koma pang'onopang'ono, ndizionako. Ziro ali pati?"

"Ndi batani losowalo, bambo. Mumabaya ndi msomali."

"Ndipatse msomaliwo."

Pamenepo amayi anaima pakhomo, tsache m'manja. "Mwezi watha lero."

Bambo sanacheuke n'komwe. "Tili pantchito, mayi."

Amayi anaima kanthawi. Anayang'ana makina, anayang'ana msana wa amuna awo, omwe ankafunafuna nambala seveni ndi msomali wonjenjemera. Kenako anatsamiritsa tsache kukhoma n'kundikodola.

"Uwauze abwana akowo kuti tiyi ndibweretsa konkuno. Koma kapu yanga ikabwera ndi girisi, mutuluka nonse atatu."